Chigoba cha nkhono pazenera

Bambo a Tiyamike, lero mdzukulu wanu watola chigoba cha nkhono kuseri kwa nyumba, n'kumachijambula pafoni chitagona cham'mbali. Manja anga angochitembenuza okha: nsonga m'mwamba, kukamwa kuyang'ane kwa wojambula. Mwanayo wadabwa kuona misozi italengeza m'maso mwanga.

Mukukumbukira ku Mlowe? Masiku a chipani chimodzi aja, boma likati pita, munthu sunkafunsa. Tinachoka ku Dedza inu muli mlangizi wa zaumoyo, ine Chitumbuka ndikungodziwapo "yewo" basi. Ndinkaswera ndekha, wopanda wocheza naye. Tsiku lina munandiitanira pakhonde kuti ndikugwirireni kankhono, mukajambule ndi pensulo papepala lophunzitsira ana asukulu za likodzo. Dzanja litatopa ndinakazondotsa, n'kunena kuti nkhono ndi nkhono basi. Munaika pensulo pansi n'kuti, "Ayi aNambewe, kaimikeni bwino. Kobweretsa likodzo kamayasamira kumanzere. Mukakazondotsa ndijambula bodza, ana azikasamba m'madzi oipa mtima uli m'malo." Ndinakagwira mpaka zala kuchita dzanzi, ndikunamizira kukwiya, chonsecho mumtimamu ndinkafuna musamalize msanga. Chifikireni kumeneko panalibe amene anandiyang'anapo nthawi yaitali choncho, ngakhale kuti maso anu anali pa nkhonoyo.

Chitisiyireni inu, nyumba ino yandikulira. Chigoba cha lerochi nacho mwiniwake anachokamo kalekale. Ndachiimika pazenera la kuchipinda kwathu monga munandiphunzitsira, kukamwa kwayang'ana kwa ine. Ndakhala pabedi ndikuchiyang'ana, kuti mwina chinena kanthu.