Akuti Mtima wa Bambo Wapsa

Bambo anga anali sikauti wolondera nyama ku Lupande, munthu wofatsa moti ngakhale njovu zitatidyera mapira sankatukwana. Chaka china anayamba kubanika, pachifuwa pakubaya. Kuchipatala dokotala analankhula Chingerezi, ndipo womasulira, posowa mawu, anauza amayi kuti, "Mtima wawo wapsa."

Atabwerako, amayi anatigwaditsa ana tonse kuti tipepese kwa bambo, poganiza kuti tawakwiyitsa. Pomaliza anagwada iwonso.

Bambo, amene Chingerezi ankachimva, anaseka atagwira pachifuwa. Anatifotokozera kuti mtimawo unatupa ndi matenda, umafuna mankhwala ndi kupuma. Anafe anatiuza kuti tidzuke. Kenako anayang'ana amayi nati, "Koma kupepesa kwanuku ndalandira. Ndakudikira zaka zambiri."