Tsiku Limene Mtondo Sunalire

Zilembo ine ndinazidziwa mochedwa, imvi zitamera kale, ku sukulu ya akuluakulu kuseri kwa tchalitchi. Ndiye mukaona mawu anga akuyenda motsimphina, sekani ndithu, inenso ndikuseka! Dzanja ili linazolowera munsi, cholembera chimandipulumuka ngati mlamba. Kuwerenga nako ndimawerenga ngati nkhuku ikumwa madzi: kamodzi mutu pansi, kamodzi mutu kumwamba. Zikwangwani za minibasi, thumba la shuga, buku la nyimbo, zonse ndimaziwerenga mokweza, adzukulu nʼkumati, “Agogo, anthu akukuyangʼanani.” Andiyangʼane! Ndinakhala zaka zambiri mapepala akundiyangʼana ine, ine osawabwezera.

Koma zimene ndikulemba pano si zosekesa ayi. Ndi za mwana wanga woyamba, ndi manja ake.

Tinkakhala ku Ndirande chakumtunda, kumene nyumba zinali zogundana moti mnzako akayetsemula kwake iwe umati pepani uli kwako. Bambo a ana anapita ku migodi ku Joni ndili ndi pakati pa mwana womaliza, sanabwerenso. Ine ndinkakonola chimanga cha anthu ndi kusinja nsinjiro zogulitsa kumsika. Mtondo wanga unkadziwika mzere wonse, gu, gu, gu, ndi nyimbo pamwamba pake, chifukwa ine sindinagwirepo munsi pakamwa pali potseka. Khoma ndi khoma ndi ife kunali atelala, mkulu wachisilamu wochokera ku Mangochi, wa ndevu zoyera, wofatsa ngati madzi a mʼmtsuko. Makina awo osokera ankalira kuyambira mʼmawa, ndiye ine mtondo, iwo makina, tinkayankhana tsiku lonse.

Mwana wangayo ankanyamula makatoni ku fakitale ku Makata. Mnyamata wabwino, koma anali ndi misala iwiri.

Msala woyamba anautenga ku kanema mʼtauni: karate. Atelala anamusokera malaya ndi buluku za thumba la ufa, zilembo za thumbalo zikuonekabe kumsana. Kuseri kwa nyumba anazika mtengo, naukulunga chingwe cha khonje, ndiye kukangocha, pha, pha, pha, kenaka mfuu, “Hiyaa!” nkhuku zonse balala. Njerwa zimene ndinasunga kuti ndidzamangire khitchini anazimaliza imodziimodzi ndi mʼmphepete mwa dzanja.

“Iwe, njerwa zanga zakulakwira chiyani?”

“Amayi, ndikulimbitsa dzanja.”

“Bwera ulimbitse pa munsi, tione ngati ukhala mpaka masana.”

Ankangoseka. Ana a mzere wonse ankamutsatira, akuluakulu akumuopa, koma sanamenyepo munthu. Ankati dzanja likaphunzira, limayamba ndilo kukhala pansi.

Msala wachiwiri unali ndakatulo. Umenewu anapatsirana ndi mnzake, mphunzitsi wa ku Chilomoni, wowonda ngati bango, magalasi omanga ndi ulusi. Ine ndinkangomutchula kuti aphunzitsi. Awiriwa ankalemba, ndi anzawo ena ochepa ankatumiza zawo, ndiye pakapita miyezi ankapanga kabuku. Kusukulu kwa aphunzitsiwo kunali makina osindikizira mayeso, opukusa ndi dzanja. Sukulu ikatseka, aphunzitsi ankawakulunga mʼchiguduli, nʼkuwamanga panjinga ngati mbuzi yopita kumsika, nʼkubwera nawo kwathu. Mawu ankawatayipa papepala lofewa ngati khungu la anyezi, ankati sitensulo. Kulikulunga pa chimgolo chakuda, kuthira inki, kupukusa: pepala loyera kulowa uku, kutuluka uku litadzaza mawu. Ine tsiku loyamba ndinaomba mʼmanja, ndinaluluta! Ndinati chigayo cha mawu ndi ichi.

Ntchito yanga inali iwiri. Kusoka timabukuto pakati ndi singano yaikulu ndi ulusi wa matumba. Ndi kusinja.

Pajatu masiku amenewo pepala lililonse losindikiza linkayenera kupita kaye kwa akuluakulu oyangʼana mabuku, alione, alivomereze. Timabuku ta ana anga sitinkapita kumeneko. Si kuti munali zotukwana ayi. Munali mvula, munali basi yochedwa, munali mtsikana wa ku Bangwe amene anakana aphunzitsi. Koma nthawi imeneyo ngakhale kudandaula za basi kunali ndi mwini wake. Ndipo makinawo ankalira, kwete, kwete, kwete, kulira kosafanana ndi china chilichonse mʼmudzi. Ndiye iwo akayamba kupukusa mʼchipinda, ine ndinkakokera mtondo pafupi ndi zenera, munsi pansi pamene chogwirira chikutsika, munsi mʼmwamba pamene chikukwera. Wodutsa panjira ankangoti mayi uja wayambanso.

Popeza sindinkawerenga, mwana wanga ankandiwerengera ndakatulo zake madzulo tikutongola chimanga, ine nʼkumaziika mʼmaimbidwe a pamtondo. Imene ndinkaikonda inali ya amayi a pampopi:

Ndowa pamzere, eni ake pamthunzi,
mpopi watsokomola, sunalavule kanthu.

Inali ndi mizere inayi. Ndinkaiimba pamaso pa aliyense, anthu nʼkumati ndi nyimbo ya kwathu ku Thyolo.

Tsopano tchuthi. Matchuthi a nthawi imeneyo anali a mitundu iwiri: china amakuuza kuti vina, china amakuuza kuti khala chete. Kumayambiriro kwa Malichi kunali tsiku lokumbukira amene anafera dziko. Tsiku limenelo dziko lonse zii. Khasu osagwira, zovala osachapa, mpira osasewera, mowa osamwa, mtondo osalira. Wailesi inkaimba nyimbo za maliro zokhazokha. Anyamata a chipani ankayenda mʼmizere ndi zikwapu, makutu tcheru, kufuna womugwira akugwira ntchito kapena akuseka.

Chaka china tsikuli linafika kabuku katatsala masamba ochepa. Mapepala anawathera dzulo lake, ena anawapeza madzulo, ndipo makina ankayenera kubwerera kusukulu mawa lake kusanache bwino, aphunzitsi aakulu asanatsekule ofesi. Sitensulo inali kale pachimgolo, yonyowa ndi inki, ndipo ankati ikauma imangʼambika.

Mʼmawa mvula inkawaza, kumwamba bii. Ndinaona mwana wanga akupinda manja a malaya.

“Iwe, lero mtondo sulira.”

“Amayi, lero ndiye tsiku labwino. Aliyense wadzitsekera mʼnyumba, palibe wobwera kudzapempha moto.”

“Wobwera palibe, koma makutu onse ali mʼnyumbamo.”

Aphunzitsi anati, “Tingotsekula wailesi kwambiri, amayi.”

Wailesi yathu mabatire ake anali atatha. Masiku ena tinkawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse, koma dzuwa lenilenilo linali kuti? Inangonongʼona ngati wodwala nʼkuzima. Anaphimba makina ndi mabulangete awiri, mwana wanga nʼkulowetsa dzanja mkati. Ine ndinaganiza, ndinaganiza. Nyimbo za maliro zokha ndi zimene zinkaloledwa. Ndinati chabwino, ndikhala pakhomo ndiziimba ya maliro, koma ya maliro imayenda pangʼonopangʼono, iwenso uzipukusa pangʼonopangʼono, upume pamene ine ndikupuma.

Poyamba zinkayenda. Ine ndikukoka mawu, iye akukoka chogwirira. Koma dzanja la mnyamata ndi dzanja la mnyamata. Mapepala atayamba kuunjikana, dzanja linayamba kuthamanga lokha, kwete kwete kwete, kundisiya mʼmbuyo ndi nyimbo yanga. Ndinakweza mawu. Ndinagogoda khoma ndi chigongono. Sanamve, mutu unali mʼbulangete.

Anatulukira kumunsi, pakona pa mpanda wa bango, anyamata angapo, zikwapu mʼmanja. Wotsogolera ndinkamudziwa, amayi ake ndinkawakonolera chimanga. Anaima, anapendeketsa mutu. Ine nditangosiya kuimba, mʼnyumba namonso munati zii.

Sanabwere kwa ife. Anamva makina, ndipo mzere wonse unkadziwa nyumba imodzi yokha ya makina. Anamenya chitseko cha atelala ndi phazi. Anawatulutsa mkuluyo ali ndi mikanda yawo yopempherera mʼmanja, kofia nʼkugwera mʼmatope.

“Madala, mukusoka lero? Lero?”

“Ana anga, makina ndaphimba kuyambira dzulo, kalowani mukaone.”

“Ana anu ndani?”

Mbama inalira ngati thabwa lathyoka. Mkulu uja anakhala pansi mʼmadzi, osalira, akungofufuza kofia ndi dzanja. Chikwapu chinakwera mʼmwamba.

Chitseko chathu chinatseguka kumbuyo kwanga. Ndinagwira mwendo wa mwana wanga ndi manja awiri, anandichotsa mofatsa ngati akuchotsa mwana woyamwa. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, osavala nsapato, manja akuda bii ndi inki mpaka mʼzigongono.

“Asiyeni atelala. Makina mwamvawo ndi anga.”

Anyamata aja anabwerera mʼmbuyo, onse. Ankamudziwa. Ena mwa iwo ali angʼono ankatola zidutswa za njerwa zake kukaonetsa anzawo. Ndinaona mapazi ake akudzika mʼmatope monga ankachitira kuseri kwa nyumba, ndinaona zala zikupindika. Mumtima ndinati menya, mwanangu, menya! Mulungu andikhululukire, ndinati menya. Iye anandiyangʼana ine, anayangʼana azingʼono ake atasuzumira pazenera. Akanamenya mmodzi yekha, nyumba yathu ikanagona yopanda denga ndi yopanda munthu. Anatembenuza manja nʼkuwaika kumbuyo, yekha.

Apo ndiye anyamata aja analimba mtima. Anamumanga ndi chingwe chomwe chija cha khonje, anachimasula pamtengo wake. Mʼnyumba anapeza makina ndi mulu wa mapepala. Aphunzitsi anali atatulukira pazenera la kuseri, ndipo sindinawaonenso mpaka lero. Ena amati anawoloka malire, ena amati anawapeza ku Chilomoni sabata yomweyo. Wotsogolera uja anatenga pepala limodzi, analitembenuza, analitembenuzanso, nati, “Izi akawerenga ndi ena.” Makina anamusenzetsa mwana wanga pamutu, mmodzi wa iwo akugwirizira, inki ikuyenderera kumaso pamodzi ndi mvula. Anatsika naye mzere wonse choncho, zitseko zonse zili zotseka, makatani akugwedera.

Timabuku takale ndinataya mʼchimbudzi tsiku lomwelo, tonse, ulusi wanga womwe.

Ndinayenda, ine. Kupolisi ankati sitikumudziwa. Kundende ankati pitani kupolisi. Chakudya ndinkabwerera nacho chitazizira. Anthu anasiya kundibweretsera chimanga, ankaopa kuoneka pakhomo panga. Atelala okha ndi amene mʼmawa uliwonse ankagogoda khoma kawiri, ine nʼkugogoda kawiri, kutanthauza kuti tadzuka. Pamtondo ndinkangongʼungʼudza, mawu a mwana wanga osawatulutsa, poopa kuti wina angati si nyimbo ya ku Thyolo.

Ndipo tchuthi china chija chikafika, cha mʼJulaye, chozizira, ankatitenga pa lole kupita ku bwalo lalikulu la masewera, titavala nsalu zofanana. Popeza mawu anga ankamveka patali, ankandiika kutsogolo kuti ndiziyambitsa nyimbo zothokoza. Ndinkayambitsa. Ndinkavina mpaka fumbi koboo, mano onse panja, ndikuganiza kuti kapena wina wamkulu aona mmene ndikuvinira nʼkundibwezera mwana. Chaka ndi chaka ndinavina choncho.

Anamutulutsa mʼnyengo yomweyo ya Julaye, zaka zitapita, mngʼono wake amene anamusiya akukwawa atayamba kale sukulu. Anafika masana, wapansi, atavala malaya a munthu wina. Ndinaluluta, mayo ine, ndinagubuduka pabwalo, ndinaimba mpaka mzere wonse unatuluka! Kenaka ndinamupatsa madzi, ndipo kapu anailandira ndi zikhatho ziwiri, ngati mwana. Zala sizinkapindika. Zina zinali zitapotoka nʼkuumira momwemo. Sindinafunse kuti anazitani, iyenso sananene. Kundendeko ankadziwa kuti ndi manja a karate, ankadziwanso kuti ndi manja olemba.

Sankayankhula. Ankakhala pakhonde la atelala tsiku lonse, mkuluyo akusoka, iye akuyangʼana singano ikukwera ndi kutsika. Mtengo wake wa kuseri uja chiswe chinali chitadya kale. Batani la malaya ndinkamumangira ine.

Tsiku lina ndikukonola, ndinaiwala mantha, mawu anangotuluka okha. Ndowa pamzere, eni ake pamthunzi. Mpopi watsokomola, sunalavule kanthu. Mawa tidzabweranso, ndowa sizitopa.

“Amayi.”

Munsi unaima mʼmwamba. Anali ataima pakona pa nyumba.

“Mwadumpha mzere. Pakatipo panali wina.”

Ndinaika munsi pansi bwinobwino kuti ndisamudzidzimutse. Ndinati, “Ndiuze, bambo anga, ndiuze ndiuimbe.”

Anayesa kuukumbuka mzerewo. Anayangʼana manja ake. Kenaka anati, “Wapita,” nʼkubwerera kukakhala kwa atelala.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyankhula pangʼonopangʼono, za mvula, za mchere, za ana. Anadzakwatira, adzukulu ondiseka aja ndi ake. Koma cholembera sanachigwirenso, ngakhale zinthu zitasintha, ngakhale anthu atayamba kugulitsa timabuku poyera mʼmisewu ya mʼtauni. Nʼchifukwa chake ine ndinapita ku sukulu ya akuluakulu ndi imvi zanga, kuti mʼnyumba muno mukhale dzanja limodzi logwira cholembera. Ndakatulo zake zimene ndikukumbukira ndazilemba zonse, zilembo zake zikuluzikulu ngati mapazi a ngʼombe. Ya pampopi ija ndinasiya mpata pakati. Ndikaimba pamtondo, ndikafika pamenepo ndimatseka pakamwa, munsi umagunda wokha, ndipo iye ali pakhonde amatembenuza mutu kumvetsera.