Thovu la m'Botolo la Mabuleki

Amuna anga anali makaniko. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito pa galaja ina ku Brackenfell, ine ndikukolopa nyumba za eni ku Table View. Loweruka Amalawi anzathu ankabweretsa magalimoto pakhomo pathu ku Dunoon, ziphapha za dizilo zimene eni ake oyamba anatopa nazo kalekale.

Mapaipi a mphira opita ku mabuleki akakalamba amang'aluka, mafuta n'kumadontha. Kusintha paipi munthu amatha yekha, koma kuchotsa mpweya umene walowamo kumafuna awiri. Wina amagona pansi ndi sipanala, maso pa kabotolo kolandira mafuta, kudikira kuti thovu lithe. Wina amakhala pampando n'kumaponda buleki. Wopondayo ndinali ine, nyemba zikupserera m'nyumba. Kung'ung'udza ndinkang'ung'udza, koma ndisaname, ndinkazikonda. Munthu ali chagada m'fumbi, mafuta mpaka m'makutu, koma ulemu osauiwala: "Tapondani, mayi. Gwirani pomwepo."

Kenaka shuga inawalowa m'maso. Iwo osanena, paja amuna. Ndinkangoona akupapasa sipanala ili pamaso pawo, ndikafunsa amati ndi dzuwa.

Loweruka lina mkulu wa mpingo wathu anabweretsa galimoto yake yapikapu, yomwe inkanyamula amayi a kwaya. Amuna anga anaika paipi yatsopano kutsogolo, ine ndinaponda mpaka mwendo kuchita dzanzi, iwo nati zatheka. Nditatsika ndinawerama kuti nditole kabotolo. Thovu linali tho. Paipi nayo inali yopotoka ngati chitenje chofinya, ikukhuza tayala. Ngakhale ine wosaphunzira umakaniko ndinadziwa kuti singafike kutali isanabooke.

Mtima unandiphulika. "Bambo, mukufuna kupha kwaya yonse? Paipi iyi mwaiona?"

Anali akadali pansi pomwepo, miyendo yokha ikuoneka. Atayankha, mawu anali aang'ono.

"Sindikuona, mayi. Chiyambire Isitala thovu ndimangoliganizira. Anthu akadziwa, palibe adzabweretsenso galimoto pano. Nanga ine ndidzakhala ndani?"

Ukali wonse unathera pomwepo, kunatsala chisoni. Mwini galimoto anali atapita kukameta, ndiye nthawi inalipo pang'ono. Ndinamanga chitenje ngati thewera n'kuwauza kuti asendere uko.

Tinagona limodzi pa katoni imodzi. Anandigwira dzanja n'kuliika pa nati. Masipanala ndi awiri, anatero, ina yogwira kuti paipi isazungulire, ina yomanga. Pa mphirapo pali kamzere, kaziyenda mowongoka kuchokera uku mpaka uko. Ndinamasula, ndinawongola, ndinamanganso, sipanala inaterereka n'kundisupula chala, ndinatukwana mawu amene mayi wa mvano sayenera kuwadziwa. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anakwera pampando, ine ndinatsala ndi kabotolo mpaka mafuta anatuluka oyera.

Ku galaja anawachotsa chaka chisanathe, koma anthu a Loweruka aja sanasiye kubwera. Potiona tonse awiri pansi, ankati banja ili likukondana mpaka pansi pa galimoto, ife osawatsutsa.

Tsiku loyambalo nditatuluka, anandipukuta manja ndi nsanza, chala chimodzichimodzi, akupapasa bala lija.

"Manja awa ndawaononga ndine," anatero.

Ndinawauza kuti asadzitame, anaonongeka kale ndi zidebe za ku Table View. Sanaseke, ndipo manja angawo sanawasiye.