Phula pa bwato la Bo Kalaluka

Bo Kalaluka anali munthu wa bwato limodzi, mkazi mmodzi, ndi mutu wouma ngati mwala wonolera mpeni. Kumudzi kwawo, pachulu paja pakati pa chigwa, pomwe madzi akasefukira nkhuku zimakwera padenga, aliyense ankadziwa kuti chimene bamboyu ankachisisita m'mawa uliwonse chinali bwatolo. Mkazi wake, Bo Namangolwa, moni umene ankalandira unali wakuti, "Chambiko chija chili kuti?"

Bwatolo analisema yekha ali mnyamata, kunkhalango za kumtunda, pa mlombwa umene anthu atatu ogwirana manja sakanauzungulira. Anakhalako miyezi inayi. Pobwera anabwera ndi bwato komanso mtsikana wa komweko, Namangolwa yemweyo, amene madzi ankawadziwira mumtsuko basi. Kusambira sanaphunzire, mwamunanso sanavutike n'kumuphunzitsa. Ankati, "Wokwera bwato langa, kusambira n'kwa chiyani?"

Tsono madzi akafika m'makomo, mfumu imachoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga, Kuomboka imeneyo. Patsogolo bwato lachifumu Nalikwanda ndi njovu yake yosema padenga, pambuyo mabwato mzere. Koma si bwato lililonse linkalowa mumzere weniweniwo ayi. Otsala ankangotsatira chapatali m'maudzu, ngati agalu a paukwati. Kumbali ya kwawo kwa Kalaluka ankasankha mabwato atatu okha, ndipo wosankha anali nduna ina ya diso limodzi, Bo Imasiku.

Kasankhidwe ka mkuluyu kanali kakekake. Ankabwera m'mawa, bwato alitembenuze, iye aligogode ndi chala kuyambira kumutu mpaka kumchira, khutu ali tcheru ngati wogula chivwende. Akatero alibwezere pamadzi, pansi ayalepo udzu wouma, akweremo amuna asanu ndi mmodzi, akhale phee mpaka kaliwo wake atazima. Udzu ukanyowa, basi, pitani mukawedze. Chigamba ndiye sankafuna n'kuchiona komwe, kaya cha lata kaya cha thabwa.

"Mfumu siyenda ndi nsanza pambuyo," ankatero.

Bwato la Kalaluka linasankhidwa zaka makumi awiri ndi ziwiri zotsatizana. Ng'ombe zake zinatha ndi nthenda, dimba linamukanika, nyumba inkadontha mpaka pamphasa. Ukamuchotsera tsiku limodzi limenelo, anali msodzi wamba wa mapazi ong'aluka. Koma tsikulo ankavala chipewa chofiira ndi chikopa m'chiuno, n'kuimirira kumchira kwa bwato nkhafi ili m'manja, chifuwa nga nga nga ngati njovu ija anaisema ndi iye. Chaka chonse ankadya tsiku limenelo.

Mtengo nawo umakalamba. Chaka chotsatira, madzi atangoyamba kukwera, mng'alu unatuluka m'nthiti ya kumanzere, utali wa zikhato ziwiri, pamwamba pang'ono pa pomwe madzi amalekezera. Anayamba kuuona ndi Namangolwa, akutsuka nsomba. Anaitana mwamuna wake mwachikwawoko, ndate kutanthauza bambo, Likando ndiye mwana wawo.

"Bo ndate a Likando, mkazi wanu wamkulu uja wathyoka nthiti."

"Iwe, pakamwa apo!"

"Khomanipo lata, tizikawedzera. Chaka chino akwere ena. Inunso mwatha, mawondo akuchita kulira ngati chitseko."

"Lata? Malo anga atenge Mukelabai ndi chimtondo chake chija?"

Mukelabai anali mwana wa mlongo wake wa Kalaluka, bambo wa ana atatu, amene anali atangosema bwato latsopano, lonenepa koma lolimba. Zaka ziwiri ankatsalira pa nambala yachinayi.

Kalaluka sanakhome lata. Anapita kwa wofula njuchi, n'kubwera ndi phula ngati chibakera. Analisungunula, kusakaniza ndi mwaye ndi utuchi wa mlombwa, n'kulikanikiza mumng'alumo ndi chala chamanthu mpaka pati see. Popaka mizere yakuda ndi yoyera, wakuda anaudutsitsa pomwepo. Ntchito inali yokongola, zimenezo tisamunamizire. Mbala zambiri n'zaluso.

Namangolwa anaimirira n'kumayang'ana, manja m'chiuno.

"Phula ndi dzuwa anagwirizana liti?"

"Ukangotsegula kukamwa kwa Bo Imasiku, ubwerere kwanu kunkhalango ukadye mbozi."

Mayiyo anakhala chete. Pali akazi ena amene amati kukhala chete ndi ulemu. Ulemu umenewo ndi umene unadzaza manda.

Tsiku losankha kunali kachisanu, mitambo ili bii. Bo Imasiku anafika atatopa kale, khutu nalo linali litayamba kugona. Mabwato a ena anawagogoda bwinobwino. Atafika pa la Kalaluka anangoti go go kumutu, go go kumchira.

"Ili ndimalidziwa ngati mphika wa mayi anga. Ikani pamadzi."

Anakwera amuna asanu ndi mmodzi oonda ndi njala ya dzinja. Kaliwo anazima, udzu uli gwaa. Mukelabai anatsalanso.

"Malume," anatero Mukelabai akuseka mano okha, "agogowa simuwapumitsa? Adzakufererani panjira."

"Mphwanga, ukasema bwato udzandiuze. Mtondowo kapatse akazi azisinjiramo."

Anthu anaseka, Kalaluka naye anaseka kwambiri kuposa onse.

Ng'oma zazikulu zitalira, tsiku linafika, ndipo kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Chimene Kalaluka ankachidziwa bwino koma anasankha kuchiiwala n'chakuti bwato la mumzere siliyenda ndi amuna oonda okha. Limanyamula mudzi. Analongeza matumba a mapira, mtondo, mitolo ya nsomba zouma, mphasa, akazi anayi, opalasa asanu ndi mmodzi. Bwato linakhala pansi mpaka madzi anayamba kunyambita mzere wakuda uja. Kutsogolo kunaima Likando, mwana wake yekhayo, mwamuna wandevu kale.

Namangolwa anali atavala musisi wake wa tsiku lalikulu, chisiketi chija chotambalala cha nsalu zambirimbiri zosanjikiza. Kalaluka anamuloza malo, pamng'alu penipeni.

"Ukhale apa. Uyale chovalacho, usasunthe."

"Ehe! Ndiye ine ndasanduka chigamba chija anakana Bo Imasiku?"

Akazi anzake anaseka, poyesa ndi nthabwala za m'banja. Iye anakhala, n'kuyala musisi.

Ulendowo ndi wa tsiku lonse. Ng'oma zikulira, mangolongondo akulira, nthungululu mbali zonse, nkhafi zikulowa ndi kutuluka pamodzi ngati dzanja la munthu mmodzi. Dzuwa linkamenya utoto wakuda uja kuyambira m'mawa, mafunde a mabwato apatsogolo akuuwomba mbama. Litafika pamutu, Namangolwa anamva kuzizira pantchafu.

"Bo ndate," anatero chapansipansi, "madzi."

"Khala."

Anapirira pang'ono. Kenako anasolola chipanda m'dengu kuti akape. Kalaluka anachiponda ndi phazi, chinangoti phwa.

"Ukape pamaso pa dziko lonseli? Wapenga?"

Likando anacheuka, n'kuona matumba a mapira atada m'munsi.

"Ndate, tikhotere m'maudzumo. Muli mosaya, madzi ndi a m'chiuno."

Zinali zoona. Kutalika kwa mabwato atatu okha kumanja, munthu akanatsika n'kuyenda ndi miyendo. Koma bwato lotuluka mumzere silibwereramo, chaka chimenecho ngakhale china chilichonse. M'maudzumo ndi momwe munali Mukelabai ndi chimtondo chake, akutsatira. Kalaluka anamuona.

"Palasa, iwe! Mitengo ya ku Limulunga si iyo? Ukuopa madzi a m'chikho?"

Anapalasa. Udzu unatha, analowa pakuya pomwe ngalande imakumana ndi mtsinje, pomwe nkhafi sigunda pansi. Pamenepo phula linazuka ngati dzino lovunda, mng'alu unathamanga mpaka kumchira. Bwato silinagubuduke ayi. Linangokhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa.

Anthu a m'chigwa amabadwa akusambira. Opalasa anasambira, akazi atatu aja anagwira mitolo ya mphasa. Namangolwa anali wa kunkhalango, ndipo musisi utamwa madzi umalemera kuposa mwini wake. Anatulutsa dzanja kamodzi.

Kalaluka anali pafupi, mikono iwiri basi. Manja ake onse awiri anali pa bwato, akulikoka kuti madzi asalitenge. Pambuyo pake ankati sanamuone, ankati ankayesa Likando wamugwira, ankati zinachitika msanga. Pakamwa pamanena zambiri. Manja sanama, amathamangira chimene mtima unakwatira.

Apatsogolo sanamve kanthu, ng'oma zinali pamwamba. Mzere unapitirira. Amene anatulukira m'maudzu ndi Mukelabai, n'kuwola anthu mmodzimmodzi kuwaponya mu mtondo wake uja. Likando anamira katatu kufunafuna mayi ake, kachitatu anatuluka magazi ali m'mphuno. Anakawapeza mawa lake masana, atakodwa m'bango, musisi utawakulunga kumutu.

Anakawaika kwawo kunkhalango, pouma. Pamaliropo, akulu atakhala, Likando anasolola chibulumwa cha phula lakuda chimene anachikanganula pa bwato atalivuula, n'kuchiika pamphasa patsogolo pa Bo Imasiku. Mkuluyo anachinunkhiza, n'kuchikanda ndi chikhadabo.

"Kalaluka, ichi n'chako?"

"N'changa."

"Ndiye wandipha khutu ndi diso lotsalali."

Alamu ake a Kalaluka anafuna kumuswa mutu ndi chibonga, anthu anawagwira. Mlandu unakambidwa n'kutha monga imathera milandu, koma dzina lake mumzere linafafanizidwa. Chipewa chofiira anachitenga Mukelabai chaka chotsatira, ndipo sanaseke pochivala.

Chaka chomwecho Bo Imasiku anatumiza uthenga kwa Kalaluka. Anthu anadabwa.

"Khutu langa lafa," anatero mkuluyo. "Pobisa amapadziwa ndi wakuba. Uziyenda nane."

Basi Kalaluka anayamba kuyenda pambuyo pa nduna ndi kambaula ka makala ndi waya. Waya akafiira, ankabaya mzere wakuda uliwonse, chikhato ndi chikhato. Pa mtengo weniweni pankangotuluka kautsi. Pa phula waya ankalowa yekha, fungo la uchi n'kumveka. Chaka choyamba anagwira mabwato awiri, moti anthu anazindikira kuti nzeru ija sanali nayo yekha. Musaganize kuti anamuthokoza. Ankamutcha Bo Waya, ana ankamuimba nyimbo, amuna ankalavula akadutsa.

"Wapha wake, tsopano akuotcha athu!"

Iye ankangopitiriza kubaya. Anali ataonda ngati nkhafi.

Patapita zaka zinayi Likando anabwera ndi bwato lake, losema yekha, lowongoka bwino. Bambo ndi mwana anali asakudyera mbale imodzi chichokereni maliro aja. Kalaluka anagwada ndi waya wake monga ankachitira kwa aliyense. Chakumutu, pamfundo ya mtengo, waya analowa. Kabowo kake kanali ngati diso la nkhuku, komatidwa ndi phula pang'ono.

"Ili ayi," anatero Kalaluka.

"Ndate, kamfundo chabe. Kali pamwamba, madzi safikapo."

"Langanso madzi sankafikapo. Amako anapita ndi bowo."

"Amayi sanaphedwe ndi bowo. Bowo silinaponde chipanda."

Bo Imasiku anayang'ana kumbali, n'kumayatsa kaliwo woyaka kale. Kalaluka anabweza waya pamakala.

"Ili ayi," anabwereza.

Likando anakankhira bwato lake pamadzi tsiku lomwelo, ndi mkazi ndi ana, kulowera kumwera ku Senanga. Sanabwerenso, ngakhale pa maliro a bambo ake.

Kalaluka anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Kuomboka sanaionenso. Madzi akayamba kukwera ankatsogola ndi abusa a ng'ombe za eni, n'kukakhala kumtunda kumene ng'oma zimamveka ngati mtima wa munthu wodwala. Bwato lija analikokera pachulu, analitembenuza kuseri kwa nyumba, nkhuku zinkaikira pansi pake.

Chaka chake chomaliza, maso atachita khungu, anthu anamva kukhoma kuseriko m'mawa wonse. Atakasuzumira anamupeza atagwada, ataphwanya chitini cha palafini, akuchikhomera pamng'alu paja, msomali ndi msomali, akupapasa ndi zala. Analikhoma bwino lata lija, mwaluso, madzi sakanalowa ngakhale dontho. Bwatolo silinakhudzenso madzi, linadyedwa ndi chiswe pomwepo. Lata lokha ndi limene linatsala, ndipo mkazi wa Mukelabai ankaphimbira mtsuko.