Ba Dadi awamasula pakamwa

Mwachoma bwanji nonse.

Tangofika ku Kafue kuchokera kuchipatala ku Lusaka. Mukudziwa kuti makina owotcha khansa aja anasiyira ba Dadi zilonda m'kamwa, ndipo anawapatsa mankhwala opaka.

Owapaka ndi ba Mami, ndipo anaika lamulo lakuti ukapaka, palibe kukamba. Ba Dadi akangoyamba nkhani zawo za ntchito ya kunjanji, ba Mami amati, "A Phiri, yasamani."

Lero ba nesi adabwa kuti chubu cha mankhwala chatha msanga. Ba Dadi nawo afunsa mwaulemu kuti adzawalola liti kukamba. Ba nesi akuti, "Ine ndinangoti mankhwala asanakhazikike, asadye kapena kumwa. Zokamba sindinaletse."

Ba Mami anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama, mpaka manje sanachipeze.

Zilonda zikupola, koma ba nesi atichenjeza kuti tisamapyole muyeso wa mankhwala. Pobwera, tisanafike n'komwe pa Shimabala, minibasi yonse inali itadziwa kale mmene ba Dadi anaimitsira sitima yopanda mabuleki.

Ba Mami andinong'oneza kuti ulendo wina tikaonane ndi nesi wina. Inu mukuti bwanji?