Tsiku Limene Ndinatentha Munda wa Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Gondwe, ndimamva fungo la mapesi a mpunga ovunda, fungo la dothi lonyowa limene linkawakanirira m'manja ngakhale asambe ndi sopo. Kwawo kunali ku Karonga. Anabwera ku Chia ali mnyamata kudzapha nsomba, anakwatira agogo aakazi, n'kukhala mkamwini moyo wawo wonse. Ukonde anausiya kalekale, koma "yayi" wakwawo sanamusiye.

Kwathu anthu akakolola mpunga ankatentha mapesi. Dambo lonse linkafuka utsi, phulusa n'kumagwera m'mitsuko ndi pa zovala zoyanika, kenaka makasu n'kuyamba kulira, kutembenuza nthaka mpaka munda uyere mbee. Agogo okha ayi. Iwo ankayala mapesi munda wonse ngati mphasa, mvula ikagwa n'kumangoboola timaenje ndi kamtengo kosongoka, n'kuponyamo mbewu. Anthu ankati ndi ulesi wa asodzi. Inali nthawi ija matipate atangobwera kumene, ndiye iwo ankangoseka n'kuti, "Masiku ano aliyense ndi chipani chake. Changa n'cha mapesi."

Agogo aakazi atamwalira, nthabwala ija inasanduka mlandu. Mundawo unali wa mbumba ya malemuwo, ndipo mlongo wawo, a Chimbalanga, ndiwo anali eni mbumba. Tsiku lina anafika pakhonde ine ndikusenda chinangwa.

"Alamu," anatero a Chimbalanga, "munda uja wasanduka tchire, mbewa ndi njoka zokhazokha. Ngati khasu likukulemerani, nenani tipatse ana. Inu kwanu kulipo."

"Ndiloleni ndikolole kamodzi kokha, alamu," anayankha agogo. "Mukadzaona kuti ndalephera, basi ya ku Karonga ndidzakwera ndekha."

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinalira mpaka mamina. Agogowa ankanditchula kuti mkazi wawo, ndipo nsomba yonona inkakhala yanga. Mu nzeru zanga zachibwana ndinaona kuti vuto ndi limodzi basi: munda ndi wauve. Ukayera ngati ya anzawo, palibe adzawathamangitse. Choncho Lamulungu lina la Okutobala, anthu ali kutchalitchi, ndinatenga chikuni chamoto n'kulowera kudambo.

Mapesi ouma sachedwa. Moto unangoti lawi, mphepo n'kuutenga, ine n'kuyamba kukuwa. Agogo anatulukira akuthamanga, jekete yawo yakutchalitchi ili m'manja, ndipo anaumenya motowo ndi jeketeyo mpaka unazima. Mbali ina ya munda, chakunjira, inali itapsa kale. Anakhala pansi akupuma wefuwefu, nsidze zitawauka, n'kuyang'ana mapazi anga akuda ndi phulusa.

"Yayi, mkazi wanga," anatero motsitsa mawu. "Wauvula zovala munda, dzuwa lonseli?"

Sanandimenye, ndipo sanauze munthu. Kunena zoona, bola akanandikwapula, chifukwa miyezi itatu yonse ndinkadya chakudya chosatsika, ndikudziwa kuti agogo akapita, wawapitikitsa ndine.

Mvula inabwera, tinabzala munda wonse mofanana. Koma mu Januwale inangodula, sabata zitatu kumwamba kuli mbee. Minda ya anthu inang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, mpunga n'kuyamba kufiira kunsonga. Mbali imene ndinatentha ija inachita chimodzimodzi. Koma kumene kunali mapesi mpunga unali wobiriwira, ndipo malire a mbali ziwirizo ankaoneka ngakhale uli kutali.

A Chimbalanga anabwera m'mawa wina, nkhope ili gwa. Anayenda m'malire muja mwakachetechete, kupita ndi kubwerera.

"Alamu, kuno mwathira feteleza, uko ayi?"

"Feteleza ndimutenga kuti ine? Pisani dzanja pansi pa mapesipo."

Anawerama n'kupisa. Dzanja linatuluka ndi dothi lakuda, lozizira, nyongolotsi ikuphiriphitha pakati pa zala. Anapita mbali inayo, anakanda ndi chala, n'kungotuluka fumbi.

"Nanga kunoku kunatani?"

Agogo asanayankhe, mawu ananditulukira okha: "Ndinatentha ndine. Ndinkafuna kuti munda uyere, agogo asapite."

A Chimbalanga anandiyang'ana, kenaka anapukuta dzanja pa buluku lawo. "Alamu," anatero, "za ku Karonga zija tiyeni tiziiwale. Tikakolola mudzabwere kumunda kwanga, mudzandionetse kayalidwe kake."

Ndinangokhala pansi pomwepo. Ndinapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri. A Chimbalanga atapita, agogo anandikoka khutu akuseka.

"Mkazi wanga, ukanapanda kutentha, munda wonse ukanabiriwira, ndipo akanati Gondwe ali ndi mankhwala a kumpoto. Wandichitira umboni ndi moto wako. Koma usadzabwerezenso!"

Sindinabwerezenso. Lero ndimalima munda womwewo, ndipo ana anga amadziwa kuti machesi salowa m'dambo langa. Ndikamayala mapesi ndimatha kuona mitengo ya kumanda chapatali. Agogo a Gondwe anagona kumeneko, pafupi ndi akazi awo. Basi ya ku Karonga sanaikwere.