Bokosi la Che Swalehe Silinkakana Munthu

Mukatsata msewu wochoka ku Entre Lagos kulowera kunyanja ya Chiuta, mufunse baraka, kapena kuti shopu, ya Che Swalehe. Simungasochere. Ndi yokhayo yokhala ndi nsungwi yaitali padenga, kunsonga kwake atamangirirako kachipangizo kokokera netiweki. Mwini wake ndi bambo woonda, wa magalasi omanga ndi waya, amene masiku ano mukamufunsa za makanema amakuyang'anani ngati mwamuponda pachilonda.

Swalehe anabadwira ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo, nabwera nawo kuno akadali kamwana koyenda chopanda kabudula. Sukulu anaisiyira panjira, koma manja ake sanasiye kuphunzira. Anayamba ndi mawailesi, kenaka matochi, kenaka mafoni. Atakwatira Husna anakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, monga mwa mwambo, ndipo mutu wake unayambira pomwepo kuwawa.

Ntchito yomwe inkamudyetsa inali kuikira anthu nyimbo ndi makanema m'mafoni. Kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nyimbo inali imodzi: ndiikireni novela, sewero lija la magawomagawo, ndiikireni mpira wa dzulo, ndiikireni ulaliki wa shehe. Munthu osapeza ndi mpata womwe wokaona mpunga wake kudambo! Ndiye anaganiza nzeru. Anagula laputopu yakale yosweka galasi ku Insaca, naitsekera m'bokosi la matabwa pansi pa tebulo, nailumikiza ku batire la sola. Analimbana nayo miyezi, akuonera maphunziro a Chipwitikizi pafoni ndi kutukwana chamumtima, mpaka inamvera. Ukangoiuza kamodzi dzina la novela, inkadzifunira yokha gawo latsopano pa intaneti, n'kulikoka, n'kuliika pamalo pake. Aliyense wokhala pafupi ndi baraka ankangolumikiza foni yake ku wayifayi n'kumaonera, megasi ake a intaneti osadyeka. Anthu sanavutike ndi mayina, anangoti ndi bokosi.

"Tsopano ndipuma," anauza Husna.

Kupuma kwake kuti!

M'bokosimo munali chinthu chimodzi chosapezeka pa intaneti. Chaka chomwe amayi ake a Husna, Abiti Masudi, anamwalira, Husna anawajambula pafoni akuyanika matemba, akukalipira nkhuku, kenaka akucheuka n'kuphulika kuseka ataona kuti akujambulidwa. Kanema wamfupi, woti amatha madzi a tiyi asanawire. Foniyo inadzagwera m'nyanja, koma Swalehe anali atakopera kale kanemayo. Chithunzi china cha mayiwo kunalibe kwina kulikonse. Anamuika pamodzi ndi manovela, poti foni ya Husna inkangoona malo okhawo, ndipo anali woyamba kulowa m'bokosimo lisanadziwe n'komwe novela.

"Mayi anga muwasunge bwino, bambo a Safiya," anatero Husna tsiku limenelo.

"Muno ndiye mosungika kuposa m'sutikesi," anayankha mwamunayo akusisita bokosi lake.

Kenaka anatulukira Che Haji, malume ake a Husna, mwinimbumba, amene anapereka malo omangapo barakayo. Anakhala pabenchi, nakonza kofia wao, nati, "Akamwini, ndamva kuti chinthu chanuchi chimakoka chilichonse. Ndikufuna azungu onenepa aja omenyana ndi mipando."

Swalehe ankadziwa kuti bokosi lili ndi mimba, ndipo mimba imadzaza. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma chomwe chinatuluka ndi, "Chabwino, malume." Nanga akanatani? Mkamwini sawiringula. Ungawauze bwanji eni nthaka kuti malo atha, iwe ukugona pamalo pao?

Mawa lake kunabwera akazi a Che Haji, akufuna novela ya ku Brazil yosatha ija, yomwe anthu ake amangolira ndi kukwatirana. Kunabwera alamu ofuna mpira wa maiko onse, ndi wa maiko omwe sakudziwa kuti ali kuti. Kunabwera asuweni, ndi asuweni a asuweni, aliyense akuyamba ndi mawu akuti, "Malume akuti." Swalehe ankangoonjezera mayina m'bokosimo. Madandaulo ake ankakawatulira mbuzi kuseri kwa nyumba. Chomupweteka kwambiri n'chakuti Che Haji sankaonera n'komwe azungu aowo. Akangoyamba kugwetsana, mkuluyo ankayamba kusinza, foni ili pamimba.

Bokosi likadzaza linkangoima. Apo ndiye mudzi wonse unkachita ngati kwagwa maliro. Ankamulondola mpaka kudambo, iye ali m'matope ofika m'mawondo, akukuwa, "Che Swalehe, bokosi lafa!" Iye n'kusiya khasu, kuyenda mtunda wonsewo, kudzafufuta zakale ndi zala zamatope, anthu atamuzinga akutsutsa chilichonse chomwe wakhudza. Ichi ayi, sindinamalize. Icho ayi, n'cha malume. Aaa, inu!

Tsiku lina, mbalame zitamudyera mpunga iye ali kubaraka, anakwiya zenizeni. Anafufuza m'makonzedwe a makinawo mpaka anapeza pomwe ankafuna: malo akachepa, chakale kwambiri chizichoka chokha. Anadina, nawomba m'manja. "Zizikanganani ndi bokosi, ine ndatopa!" Munthu wanzeru ngati ameneyu, wotha kuukitsa laputopu yakufa, osadzifunsa kuti wakale kwambiri m'bokosimo ndani! Mkwiyo ndi woipa, abale.

Bokosi silinaimenso. Anthu anamutama, iye nakolola mpunga wake mwamtendere. Husna naye sanatsegule kanema uja nyengo yonseyo. Sankamuonera kawirikawiri, poti akaonera ankakhala tsiku lonse osalankhula. Kudziwa kuti amayi ake alimo kunkamukwanira.

Mpunga utalowa m'nkhokwe kunabwera Zakiya, mng'ono wake wa Husna, wokwatiwa kutsidya ku Malawi. Maliro a amayi ake sanawaone, chifukwa chaka chimenecho madzi anadula misewu, ndipo uthenga unamupeza anthu ataika kale. Za kanemayo ankangomva pafoni. Atafika anakana ndi madzi akumwa omwe.

"Achemwali, ndionetseni mayi kaye," anatero.

Anayala mphasa pamthunzi wa baraka, nakhala mogundana mapewa. Husna anapukuta foni ndi nsonga ya chitenje, natsegula. Anatsitsa chala, natsitsanso. Manovela okhaokha. Anabwerera pamwamba, nayambiranso pang'onopang'ono.

"Bambo a Safiya, mayi mwawasunthira kuti?"

Swalehe anali akuwotcherera waya wa chaja. Mawuwo atamufika, chitsulo chinamugwa m'manja. Sanafunikire kuyang'ana, anadziwiratu, koma anagwadabe pansi pa tebulo, nalumikiza foni yake, nafufuza paliponse, thukuta likudonthera pamagalasi. Chakale kwambiri chomwe chinatsala m'bokosimo anali azungu onenepa a Che Haji. Anayesa njira zonse zobwezera chofufutika zomwe ankazidziwa. Koma pamalo pomwe panali Abiti Masudi panali patadutsa magawo ndi magawo a novela, miyezi yathunthu.

Anatuluka pansi pa tebulo mawondo ali fumbi, nanena zoona zake, mosabisa kanthu: ndi iye anadina, ndi dzanja lake. Ankayembekeza kuti Husna akuwa, amutukwane, amuponyere foniyo kumaso. Bwenzi zili bwino. Husna anangoika foni pamphasa chafufumimba.

Nthawi yomweyo Che Haji anatulukira pakona ndi ndodo yao. "Akamwini, kodi azungu anga a sabata ino afika?"

"Afika, malume," anayankha Swalehe. "Afika onse. Kuti apeze pokhala, bokosi lachotsa alongo anu."

Mkuluyo anayang'ana adzukulu ake pamphasa, nayang'ana mkamwini, ndipo kwa nthawi yoyamba chimangire barakayo anasowa chopempha. Anakhala pabenchi.

Zakiya anagwira dzanja la mkulu wake. "Ndiuzeni basi. Ankati chiyani?"

Husna anati, "Ankati, 'Choka iwe, nkhuku yopanda ulemu, matembawa anakuwedzera ndani?' Kenaka anandiona, ndiye anaseka." Anayesa kuseka momwe ankasekera mayiwo, kuseka kokwera kenaka n'kuthyokera m'chifuwa. Kunatuluka kuseka kwa Husna. Anayesanso, nalekera pakati.

"Si choncho," anatero Zakiya motsitsa mawu. "Sankaseka choncho."

"Ndikudziwa," anayankha Husna.

Pansi pa tebulo kanyali kobiriwira kankangophethira, bokosi likukoka gawo lina la novela. Swalehe anawerama nazula waya wa batire.